Kuitanira ceilidh osatchula amuna kapena akazi

Abale amene muli kuno ku Scotland ndipo mumapitako ku ma ceilidh (macheza ovina magule achikhalidwe cha kuno), ine zoitanira gule osanena kuti "amuna mbali iyi akazi mbali iyo" ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Paja pamakhala munthu wa maiki amene amafotokoza masitepe bandi isanayambe, ndiye nthawi zambiri muholo akazi amachuluka, atsikana awiri agwirana manja kenako akumva "amuna lowani pakati" basi onse ayang'anizana, mzere wonse wa gule wa Strip the Willow waima, wina manyazi amugwira wakakhala pansi osadzukanso.

Ku America pa contra dance, magule ofananako ndi a ceilidh, malo ambiri anasintha, m'malo mwa amuna ndi akazi amati larks ndi robins (mayina a mbalame), lark amaima kumanzere robin kumanja ndipo aliyense amasankha yekha. Koma kwa ongoyamba kumene ine ndimaona kuti mayina amenewonso ndi katundu wina pamutu, bola kungoitana ndi malo, "amene muli mbali ya mazenera", "amene mwayang'ana bandi", zikatero munthu sasochera.

Inu oitanira, yambani ndi gule wa bwalo limodzi lalikulu, kenako Dashing White Sergeant poti ameneyo amavinidwa atatu atatu, za bambo ndi mayi palibe. Ovinawo muwayendetse kaye pang'onopang'ono opanda nyimbo, ndipo mawu muziwatulutsa sitepe isanafike osati itadutsa kale, apa ndi pamene oitanira atsopano amavutika kwambiri. Agogo, ana, ngakhale wobwera yekha amapeza mnzake ovina naye. Amene simunayesepo pitani ndithu, ingovalani nsapato zafulati.