Oyilo akamachuluka yekha: sabata ya m'galaja ya magalimoto akuluakulu a dizilo

Lolemba m'mawa kunabwera SUV ya dizilo ya injini ya V6, ya malita 3, itayenda makilomita 190,000. Nyali ya DPF, sefa ya mu ekizosi, inali itayaka pa dashibodi ndipo galimoto inali itafooka, ukaponda moto imangodzikoka. Mwiniwake amafuna tingoizimitsa nyaliyo azipita. Tisanalumikize kompyuta tinayamba tasolola dipisitiki. Oyilo anali atadutsa mzere wapamwamba ndi chala chathunthu, wamadzimadzi, ndipo ukamutikita pa zala amanunkha dizilo.

"Bwana, munathirako oyilo posachedwapa?"

"Ayi ndithu. Chichokereni ku sevisi sindinatsekuleko boneti."

Oyilo woonjezekayo anali dizilo, ndipo njira imene amafikira mu sampu ndi imene imapha injini zambiri zamtunduwu. DPF ndi sefa ya mu ekizosi imene imagwira mwaye. Ikayamba kudzaza, mwayewo umayenera kupsa, ndipo umapsa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 600. Kuti moto ufike pamenepo, kompyuta imauza mainjekita kuti apoperenso dizilo pang'ono mochedwa, kuphulika kwa mu silinda kutatha, kuti dizilo ameneyo akapsere mu ekizosi. Ntchitoyi imafuna mphindi 10 mpaka 20 galimoto ikuyenda mosaimaima. Wina wa dizilo ameneyu amanyowetsa makoma a silinda, n'kutsetsereka kudutsa maring'i mpaka mu oyilo. Zikamachitika mwa apo ndi apo sizivuta. Koma galimoto iyi imayenda makilomita 4 m'mawa, 4 madzulo, ndiye nthawi zonse imazimitsidwa ntchito ili pakati. M'mawa mwake imayambiranso, dizilo wina n'kutsikanso. Oyilo wosungunuka chonchi sagwira pa mabering'i a crankshaft ngakhale pa turbo, ndipo akachulukitsa injini imatha kumukoka kudzera pa paipi yopumira n'kuyamba kumuwotcha, ikulira mosalekeza ngakhale mutazula kiyi.

Apa pamakhala chiyeso chongokakamiza DPF kuti ipse pogwiritsa ntchito kompyuta, nyali izime, galimoto ituluke. Ife sitiyambira pamenepo, chifukwa DPF kawirikawiri imadzaza kaamba ka vuto la kwina. Lachiwiri lonse tinali kufufuza vutolo. Timapaipi tiwiri topita ku sensa yoyeza kudzaza kwa sefa tinali bwino, opanda mng'alu kapena kutsekeka. Mapaipi a mpweya ochokera ku turbo tinawapopa utsi, sanatulutse paliponse. EGR, valavu imene imabwezera utsi wina mu injini, inali yakuda koma imatseka ndi kutsekula. Kenaka tinaiyendetsa pamsewu kompyuta ili pamiyendo, ndipo patatha theka la ola madzi a mu injini anali akadali pa madigiri 68. Thermostat, kavalavu kamene kamaletsa madzi kupita ku radiyeta mpaka injini itatentha, inali itakakamira yotsekula. Singano ya pa dashibodi siulula msanga zimenezi. Injini yozizira imatulutsa mwaye wambiri, komanso kompyuta imazengereza kuyamba kuwotcha sefa mpaka injini itatentha bwino.

Ndondomeko yake ndi yofunika. Tinakhetsa kaye oyilo woipayo n'kuthira wina, tinaika thermostat yatsopano n'kutulutsa mpweya m'madzi, ndiyeno tinawotcha DPF panja, pa simenti, kumbuyo kulibe udzu wouma kapena galimoto ina, pakuti mpweya wotuluka mu ekizosi nthawi imeneyo ukhoza kusungunula bampala. Itazizira tinasinthanso oyilo pamodzi ndi fyuluta. Oyilo wake ayenera kukhala wa gulu la ACEA C limene buku la galimotoyo likutchula, wosiya phulusa lochepa. Mwaye umapsa, koma phulusa la oyilo silipsa. Limangounjikana m'sefa chaka ndi chaka mpaka ichotsedwe ikatsukidwe ndi makina. Amene amabowola DPF n'kunamiza kompyuta sindigwirizana nawo. Utsi umenewo amaupuma ndi anthu a m'mbali mwa msewu, ndipo m'mayiko ambiri galimoto yotero siloledwa kuyenda.

Ya Lachitatu inali yopepukirapo. SUV yoyenda pa zikwama za mpweya m'malo mwa masipiring'i imadzuka m'mawa itagwada kumbuyo kumanzere. Tinaisiya usiku titazula fyuzi yake, chifukwa ikakhala ndi moto imadziwongola yokha n'kubisa mbali imene ikudontha. Tinayeza ndi tepi kuchokera pakati pa gudumu kufika pa bodi, mbali zonse zinayi, ndipo m'mawa mbali imodziyo inali itatsika masentimita 5. Titaikweza n'kupopera madzi a sopo, thovu linatumphuka pamene labala imapindikira. Zikwama timasintha ziwiri za ekiselo imodzi pamodzi, popeza zinakalamba limodzi. Wochedwa kukonza amagulanso kompuresa, chifukwa imagwira ntchito mosapuma kudzaza chikwama chobooka mpaka kupsa, ndipo timikanda touma tochotsa chinyezi mkati mwake timakhuta madzi.

Giyabokosi ya Lachinayi, ya magiya 8 yopangidwa ndi kampani ya ZF, inali ikugwedeza pang'ono potsika magiya, oyilo wake asanasinthidwepo pa makilomita 160,000. Eni magalimoto ambiri anauzidwa kuti oyilo ameneyu sasinthidwa. ZF yeniyeniyo inkalangiza kumusintha pakati pa makilomita 80,000 ndi 120,000, kapena pakatha zaka 8. Fyuluta yake inamatidwa kumodzi ndi sampu ya pulasitiki, choncho mumagula sampu yonse. Maginito a m'sampu yakale ndiwo amanena zoona: tope lotuwa losalala silidetsa nkhawa, koma tizidutswa tonyezimira ndiye kuti mkati mwayamba kudyeka. Iyi inali ndi tope lokha. Mlingo amayeza injini ikulira, galimoto ili pamalo osapendekeka, oyilo ali pakati pa madigiri 30 ndi 50. Akatentha kuposa apo amafufuma, ndipo mumatseka giyabokosi ili yopereŵera.

Lachisanu, titachotsa chivundikiro cha injini ina imene imamveka "tchu tchu tchu" ikamalira, tinapeza phula lakuda louma gwa litazungulira injekita yachitatu. Kawashala ka kopa ka pansi pa injekita kanali katasiya kutseka, moto wa mu silinda n'kumatulukira m'mbali. Injekita yotere imazuka bwino injini ikadali yofunda, phula lisanaumirire. Pokhalira pake pamafunika kusalaza, washala akhale watsopano nthawi zonse, bawuti imangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, ndipo ngati injekita yasinthidwa, nambala yake ilembedwe mu kompyuta. Mnyamata wophunzira ntchito anatambasula dzanja kuti amve pamene pakutuluka, ndinamugwira mkono. M'mapaipi amenewa dizilo amapanikizika mpaka mabar 2,000, ndipo kamtsinje kake kosaoneka ndi maso kamaboola khungu ngati singano. Pofufuza podontha timaika katoni, osati chala.

Madzulo ake mwini wa V6 ija anabwera kudzaitenga. Tinamuonetsa botolo la oyilo wakale kuti anunkhize yekha. Tinagwirizana kuti oyilo azisinthidwa pa makilomita 10,000 kapena chaka chilichonse, posatengera zimene dashibodi ikunena, komanso kuti kamodzi pa sabata galimoto izipatsidwa theka la ola pa msewu wautali. Akaima n'kumva fani ikulira kwambiri, injini ikuthamanga pang'ono kuposa masiku onse, ndi kafungo ka chinthu chopserera, ndiye kuti sefa ikuwotchedwa: apitirize ulendo mphindi zina 10 asanazimitse. Tinamulozeranso pamene oyilo walekezera pa dipisitiki, kuti akayenda makilomita 1,000 abwere tidzaone ngati wasuntha.