Ndasiya chitini, tsopano ndikufulula ndi chimera

Mowa wa m'chitini suvuta. Umagula chitini cha manyuchi ofululira mowa cha Coopers, kampani ya ku Australia, kukhuthulira manyuchi akewo m'ndowa, kuthira madzi, shuga ndi yisiti, basi. Anzanga a ku Chilomoni ankamwa osadandaula, koma kakomedwe kake anali atakusankhira kale munthu wina ku Australia. N'chimene chinanditopetsa.

Pano ndimayambira pa chimera cha barele, mbewu yofanana ndi tirigu. Makilogalamu 5 amandipatsa malita pafupifupi 20. Carlsberg inayamba kufulula mu Blantyre muno mu 1968, koma chimera chotere sindinachionepo m'sitolo, ndiye ndimatuma alamu anga amene amapitapita ku Johannesburg kuti andigulire pamodzi ndi hops (maluwa opatsa mowa kuwawa ndi fungo) ndi yisiti wouma. Ku chigayo musapite nacho. Chikasanduka ufa madzi sadutsa. Njere zimangofunika kusweka, makoko akhalepo, chifukwa ndi amene amathandiza kusefa. Ine ndimasinja mopepuka mumtondo, pang'onopang'ono.

Zipangizo si zambiri: sefuliya ya malita 40 ya ku Ndirande, thumba limene telala wa ku Limbe anandisokera ndi nsalu ya katani yoonekera ija, ndi thermometer.

Nkhani yonse yagona pa kutentha kwa madzi. Ndimawatenthetsa kufika madigiri 72, ndikaika thumba lija m'sefuliya n'kuthiramo chimera amatsikira cha pa 66. Pamenepo ma enzyme a m'chimera amasandutsa sitachi kukhala shuga. Mukasunga pa 63 kapena 64, shuga wake yisiti amadya pafupifupi yense, mowa umatuluka wopepuka koma waukali. Pa 68 kapena 69 shuga wina amatsalira, mowa umalemera m'kamwa, kutsekemera kumamvekera patali. Chimera chomwecho, mowa uwiri wosiyana! Mukapyola 78, ma enzyme aja afa. Azakhali anga a ku Chiradzulu ataona ndikusuzumira thermometer anaseka: "Iwe, phala la thobwa timadikira lizizire kaye tisanathire chimera, chala chimadziwa." Sananame. Kungoti chala sichisiyanitsa 64 ndi 68.

Sefuliya ndimaiphula pa mbaula, kuikulunga ndi mabulangete awiri, n'kuisiya ola limodzi. Kenako kutukula thumba lonyowalo, lotentha ndiponso lolemera zedi. Apa itanani mnzanu. Zotsala m'thumba nkhuku zimakanganirana.

Madzi otsekemerawo amawira ola linanso ndi hops, kenako kuwaziziritsa msanga m'bafa la madzi oundana mpaka madigiri 20 yisiti asanalowe. Madzi a pampopi ndimatunga dzulo lake kuti fungo la klorini lichoke. Loweruka lonse limathera pomwepo, pamene wa m'chitini ola silinkakwana.

Mu Okutobala sindifulula, kutentha kwa kuno kumapatsa mowa fungo lobaya m'mphuno. June ndi Julaye, chiperoni chikagwa, ndowa imangokhala kuseri kwa chitseko yisiti n'kumagwira ntchito bwinobwino. Ulendo wamawa ndikufuna kuchotsa kilogalamu imodzi ya barele n'kuikapo chimera cha mapira cha azakhali, ndione kuti mowa wake ufiira bwanji.