Ulendo wa kunyanja ndi monita yothimathima

Ogwira ntchito m'maboma amaudziwa katundu wa ulendo wotere: laputopu, monita ya mainchesi 24 yokulungidwa m'bulangete kumpando wakumbuyo, nthambo ya HDMI ndi ekisitenshoni. Njira yathu inali ya M14 kutsikira ku Salima, kenako M5 kudutsa Nkhotakota ndi Dwangwa mpaka ku Nkhata Bay, n'kukwera mtunda wa ku Mzuzu. Monita inali yomweyo, koma paliponse pomwe tayala katundu inkachita zake: sikirini kuda bii masekondi awiri kapena atatu, n'kuyakanso yokha.

Zikatero musathamangire kuzula nthambo. Yang'anani kaye kanyali ka m'munsi mwa monita pa nthawi yomwe yathimayo. Kakathimiratu, ndiye kuti monita yasowa magetsi. Kakasintha mtundu, kapena pakatuluka mawu akuti No Signal, magetsi alipo koma chithunzi sichikufika. Kakangoyaka monga mwa masiku onse, walitsani tochi ya foni pafupi ndi galasi. Mukaona chithunzi chozilala, vuto ndi nyali za m'kati mwa monitayo.

Ku Salima kanyali kankathimiratu. Kumeneko kumatentha, ndipo m'chipinda cha alendo mumapeza filiji yaing'ono, fani ndi soketi imodzi yokha yomwe ikugwira ntchito. Filiji ikamadzuka, injini yake imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa mmene imakokera ikamayenda, mphamvu pa nthambo yonseyo n'kutsika kwa kamphindi. Laputopu siimva kanthu poti ili ndi batire. Monita ilibe, ndiye imazima n'kuyambiranso. Tcherani khutu: ngati sikirini ikuda nthawi yomwe filiji yagunda, mlandu watha. Pampu ya madzi ndi jenereta yomwe ikulandira katundu zimachitanso chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi kuipatsa monita soketi yakeyake, ndipo UPS (kabokosi ka batire kogwirizira magetsi akatsika kapena kuthima) yaing'ono ya 650 VA imakwana. Onaninso pulagi. Ija ya mapini awiri yomwe timailowetsa m'soketi ya mabowo atatu potsegula ndi chivindikiro cha bolopeni imakhala khwekhwere, munthu akangogunda tebulo magetsi aduka.

Pofika ku Nkhotakota nkhani inasintha: kanyali koyaka, koma No Signal. Apa wopalamula kawirikawiri ndi nthambo, ndipo ulendo ndi womwe umaipha. Mutu wa HDMI uli ndi timapini 19, kamodzi mwa ito ntchito yake n'kungouza kompyuta kuti monita ilipo. Kakalekana pang'ono chabe, kompyuta imayesa kuti monita yachotsedwa, ndipo zimatenga masekondi angapo kuti ziwirizi zimvanenso. Nthambo yopindidwa mothina m'chikwama imaduka m'kati, makamaka pakhosi pafupi ndi mutu, kunja ikuoneka yabwinobwino. Igwedezeni pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri chithunzi chili poyera. Chikathima, itayeni. VGA yakale ikatopa inkangoonetsa chithunzi chamizeremizere, koma HDMI kawirikawiri sidziwa zapakati, imabweretsa chonse kapena kudula.

Kutalika nakonso kuli ndi mbali. Ya mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri ndi yokwanira pa tebulo. Zija za mamita 10 zomwe mumazipeza m'maholo a misonkhano zimavutika kunyamula chithunzi cholemera. Chithunzi cha 4K pa 60 Hz chimafuna nthambo yonyamula 18 Gbps, pomwe zakale zimalekera pa 10.2. Njira yoyesera yosalira ndalama ndi iyi: lowani mu Display settings, tsitsani chithunzi chifike pa 1920 x 1080 ndi 60 Hz, ndipo ngati pali FreeSync kapena G-Sync (zosinthasintha liwiro la chithunzi) muzimitse. Kuthima kukasiya, kawirikawiri nthambo ndi yomwe inkalephera katundu. Kabokosi ka USB-C kolumikizira zinthu zambiri nako muzikakayikira, makamaka kakatentha. Lumikizani monita mwachindunji muone.

Ku Nkhata Bay sikirini ya laputopu ndi monita zinkathimira pamodzi. Zikathima zonse ziwiri, kawirikawiri vuto limakhala m'kompyuta. Windows ikaona kuti mbali yotumiza chithunzi ku sikirini yakhala chete masekondi awiri, imadzutsanso driver wake (pulogalamu yoyendetsa mbaliyo), ndipo mdima mukuuonawo ndi nthawi yodzukayo. Umboni umakhala mu Event Viewer, pansi pa Windows Logs kenako System: funani nambala 4101 pa ola lomwe zinachitika. Mukadina Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi mumachititsa kuthima kotereku mwadala, n'kufananiza. Choyambitsa chimakhala driver wosokonekera kapena kutentha. Laputopu yoikidwa pa bedi, fani yake itadzaza fumbi la mumsewu, siichedwa kupsa mtima m'mwezi wa October. Iikeni pa tebulo, kumbuyo kutukulidwe pang'ono kuti mpweya uzidutsa. Driver watsopano muzimutsitsa musananyamuke m'tauni, chifukwa fayilo yake imadya bandulo yambiri ndipo netiweki ya m'mbali mwa nyanja imasinthasintha.

Pali chinanso chomwe anthu sakhulupirira mpaka ataona: mpando wa mu ofesi, uja wokwera ndi kutsika. M'miyezi youma munthu akadzukapo umatulutsa kamphezi kakang'ono komwe nthambo yotchipa imakatola, sikirini n'kuphethira. Nthambo yochindikala bwino ndi soketi yokhala ndi earth zimachepetsa zimenezi.

Ku Mzuzu kuli amisiri, ndipo ndi komwe muyenera kupita nayo ngati tochi ija inaonetsa chithunzi chozilala, kapena ngati monita ikuthima ngakhale pa kompyuta ina ndi nthambo ina. Yambani ndi adaputa ngati ili yakunja: werengani zolembedwa kumbuyo kwa monita, zambiri zimafuna 19 V kapena 12 V, ndipo ma amp a adaputa asachepere pa omwe alembedwawo. Ngati magetsi amalowa mwachindunji, mmisiri ayang'ane ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi ta m'kati mwa monita) otupa pamwamba. Ndi otchipa kusintha, koma musatsegule nokha: lalikulu mwa iwo limatha kusunga mphamvu yoposa 300 V ngakhale pulagi itazulidwa.