Anthu amene amatchera mafunso a crossword yokuluwika

Crossword wamba, imene Arthur Wynne anaiyambitsa mu nyuzipepala ya New York World mu Disembala 1913, imangofuna kuti munthu apeze mawu ofanana tanthauzo ndi amene wapatsidwa, n'kuwalemba m'timabokosi. Crossword yokuluwika, imene inakulira ku Britain kuyambira m'zaka za m'ma 1920, ndi yosiyana kwambiri, chifukwa funso lake limanena yankho kawiri, koma mwanjira yakuti wowerenga asalione msanga. Mbali imodzi ya funsolo, imene imakhala kumayambiriro kapena kumapeto, ndiyo tanthauzo lenileni la yankho, pamene mbali inayo ndi malangizo a kamangidwe ka mawuwo chilembo ndi chilembo.

Pofuna kuonetsa mmene zimayendera, ndakonza funso langa m'Chichewa: "Lemba mwachisokonezo, mnzanga wa bere limodzi (5)", ndipo nambala ya kumapetoyo ikusonyeza kuchuluka kwa zilembo za yankho. Mukaliwerenga koyamba mumamva ngati munthu akulamula wina kuti alembe mosasamala, ndipo wotchera funso amafuna kuti maganizo anu athamangire komweko. Koma mawu akuti "mwachisokonezo" akukuuzani kuti musakanize zilembo zisanu za "lemba", ndipo zikasakanizidwa zimapereka "mbale", amene ndiye mnzanu wa bere limodzi. Palibe liwu lililonse m'funsomo limene langokhalamo popanda ntchito. Njira zina n'zambiri, monga kubisa yankho m'kati mwa mawu ena, mmene "galu" wabisalira mu "kugalukira", kapena kuwerenga mawu chobwerera m'mbuyo.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi anthu amene amakhala pansi n'kumatchera mafunsowa, pakuti ntchito yawo ndi yachilendo. Ali ngati munthu wotchera msampha amene amasiya dala mpata woti nyama yochenjera ipulumukirepo, ndipo ikapanda kupulumuka amadziwa kuti walephera ndi iyeyo. Funso limene palibe angaliyankhe n'losavuta kulemba. Chovuta ndi kulemba funso limene lingazunguze munthu kwa mphindi makumi awiri, kenako yankho likaoneka iye n'kuvomereza yekha kuti zonse zinali poyera kuyambira pachiyambi.

Ambiri mwa iwo amadziwika ndi mayina ongodzipatsa. Edward Powys Mathers, amene anayamba kulembera nyuzipepala ya The Observer mu 1926, anadzitcha Torquemada, dzina la mkulu wa bwalo la Inquisition limene linkazunza anthu ku Spain pa milandu ya chikhulupiriro. Atamwalira mu 1939, malo ake anatenga Derrick Macnutt, mphunzitsi wa Chilatini ndi Chigiriki, amene anasankha dzina la mkulu wina wa bwalo lomwelo, Ximenes. Jonathan Crowther, amene analowa m'malo mwake mu 1972 n'kupitiriza kwa zaka zoposa 50, amatchedwa Azed, ndipo mukaliwerenga chobwerera mupeza Deza, winanso wa akuluakulu omwewo. Ngakhale mayinawa ndi a anthu ankhanza, Macnutt ndiye amakumbukiridwa chifukwa chomenyera chilungamo pakati pa wotchera ndi woyankha. M'buku lake la mu 1966 analongosola kuti funso liyenera kukhala lolondola pa galamala, tanthauzo lisakhale lopotoka, ndipo pasakhale mawu ongowonjezera pofuna kukometsa chiganizo. Iye ankatsatira mfundo ya A. F. Ritchie, wotchedwa Afrit, yakuti wotchera ali ndi ufulu wosokeretsa owerenga ndi mmene chiganizo chikumvekera, koma ayenera kunena ndendende chimene akutanthauza.

Nyuzipepala ya The Times, imene inayamba kusindikiza crossword mu 1930, siitchula amene wakonza crossword yake yaikulu ya tsiku ndi tsiku, pamene The Guardian imalemba dzina la wotchera aliyense. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi, chifukwa ukayankha mafunso a munthu mmodzi kwa nthawi yaitali umayamba kudziwa zimene amawerenga, zimene zimamuseketsa ndiponso mbali imene amakonda kukudzera, ngakhale nkhope yake sunaionepo.

Palibe amene anaonetsa zimenezi kuposa John Graham, wansembe wa mpingo wa Anglican amene analembera The Guardian kuyambira mu 1958, ndipo anadziwika ndi dzina lakuti Araucaria. Iyeyu sankamangika kwambiri ndi malamulo a Ximenes, moti otsatira malamulowo mokhwima ankamudandaula, koma owerenga ankamukonda chifukwa cha nthabwala zake ndiponso luso lake lomanga crossword yonse pa mutu umodzi. Atapezeka ndi khansa ya kum'mero, anauza owerenga ake kudzera mu crossword yomwe. M'mawu otsogolera anangolemba kuti Araucaria ali ndi yankho la nambala yakuti (dzina la matendawo) pa yankho la nambala yakuti (chiwalo chimene chinagwidwa), ndipo aliyense anazindikira za matendawo pokhapokha atadzaza timabokosi ndi dzanja lake. Crosswordyo inatuluka mu The Guardian mu Januwale 2013, ndipo iye anamwalira mu Novembala chaka chomwecho ali ndi zaka 92.

Pa mkangano wa magulu awiriwa, ine ndimaona kuti wophunzira kutchera ayambe ndi malamulo a Ximenes ndipo awagwiritse zolimba, chifukwa ufulu umene Araucaria ankadzipatsa unkaloledwa kaamba kakuti owerenga anali atamukhulupirira kwa zaka zambiri, ndipo ankadziwa kuti ngakhale atawazungulitsa motani, yankho likapezeka lidzakhala lomveka.