Nthambi zafika pati: hibiscus, marozi ndi duwa la alamu anga

Ogasiti akutha, mphepo ya fumbi yalimba kuno ku Chipata, ndipo nthambi zomwe ndinadula mu Julayi zayamba kuonetsa khalidwe lake, iliyonse payokha. Kwa inu amene mwangotipeza kumene: ndikuchulukitsa maluwa podula nthambi n'kuzizika mumchenga, monga timachitira ndi chinangwa, kungoti maluwa salola kuti uwazike n'kuwaiwala.

Kadulidwe kake ndi kamodzi. Ndimasankha nthambi yokhwima pang'ono, yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 15 mpaka 20, yokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Pansi ndimadula chopendeketsa, mmunsi pang'ono mwa mfundo, poti mizu imakonda kutulukira pamenepo. Masamba a pansi ndimachotsa onse, awiri otsala pamwamba ndimawadula pakati kuti asamataye madzi ambiri. Mchenga ndi wa kumtsinje wa Lutembwe, wotsuka, wopanda manyowa. Manyowa pa nthambi yopanda mizu amangobweretsa kuola. Pamwamba ndimavundikira botolo la pulasitiki lodula kumatako, chitsekerero chochotsa, ndipo zonse zili pansi pa mango, pa thandala la njerwa chifukwa cha chiswe. Phulusa ndawaza kuzungulira njerwazo.

Hibiscus ndiye wagwira msanga. Dzulo ndinafukula imodzi ndi supuni, mosamala, ndipo ndinapeza timizu toyera, tonenepa, totalika ngati chala cha mwana, mchenga utamatirira m'mbali. Ukaikoka pang'onopang'ono umamva kuti ikukana. Kukana kumeneko ndi kumene ndimadalira.

Marozi ndiwo onyenga. Anaphuka masamba ofiirira asanathe n'komwe mwezi, aliyense wodutsa pakhomo n'kumati zatheka. Koma nthambi ya rozi imakhala ndi chakudya chosungika mkati mwake, ndiye ikamva chinyezi cha m'botolo imatulutsa mphukira ngakhale pansi palibe kanthu. Chakudyacho chikatha, masamba amafota tsiku limodzi, khungwa n'kuyamba kuda kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Zina mwa zanga zatero kale, ndazizula kuti zisapatsire zinzake. Zotsalazo zili ndi chotupa choyera pamalo podulapo. Chotupacho si mizu, ndi bala lomwe likupola, koma nthawi zambiri mizu imatsatira pambuyo pake. Ndiye botolo sindichotsa, ngakhale masamba azikongola bwanji.

Bougainvillea alibe nkhani. Ali chiimire, osaphuka, osauma. Ndikakanda khungwa ndi chikhadabo mkati muli mobiriwira, basi. Ameneyu amatha kutenga miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mizu yake ndi yosachedwa kuthyoka, choncho ndinamuzika m'machubu kuyambira pachiyambi kuti ndisadzamugwiregwire.

Tsono nkhani ya alamu anga. Ananditumizira chithunzi pa WhatsApp cha duwa lalikulu ngati mbale, lofiirira, la timasamba tambirimbiri tosanjikizana, n'kulemba kuti: "Alamu, si inu mumati nthambi iliyonse imagwira? Yesani iyi." Duwalo ndi tree peony, Paeonia suffruticosa, chitsamba chochokera ku China komwe amachitcha mudan. Mzinda wa Luoyang umachita chikondwerero cha maluwa amenewa mu Epulo chaka chilichonse, ndipo ku Heze, m'chigawo cha Shandong, amalilima minda yathunthu.

Ndawayankha kuti ayi, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri. Nthambi ya tree peony ndi youma mutu pa nkhani ya mizu, ngakhale uipake ufa wothandiza kutulutsa mizu wotchedwa IBA. Alimi ake eni amamezanitsa. Amatenga kanthambi ka mfundo imodzi kapena ziwiri, n'kukalowetsa pa muzu wa peony wina, uja wa tsinde lofewa amene amauma pamwamba chaka chilichonse. Amachita zimenezi cha mu Ogasiti ndi Seputembala, chilimwe chawo chikamatha. Podzala amakwirira mozama, pomezanitsapo pakhale masentimita 10 mpaka 15 pansi pa nthaka, kuti muzu wobwereka uja uzidyetsa kanthambiko kufikira katatulutsa mizu yakeyake. Njere nazo n'zotopetsa: muzu umatuluka choyamba, tsamba limadikira nyengo yozizira idutse, ndipo duwa umaliona patapita zaka zinayi, zisanu kapena kuposa.

Chifukwa chachikulu koma ndi nyengo. Chitsambachi chimafuna milungu yambiri yozizira motsatizana, kuzizira kwa pansi pa madigiri 7, kuti chigone ndi kudzuka ndi maluwa. Ife timadandaula za Juni ndi Julayi, timavala majuzi m'mawa popita kumsika wa Kapata, koma pofika masana dzuwa lakwera, juzi ili m'manja. Kenako Okutobala amabwera ndi moto wake. Ngati ndi pano pa mapiri zili chonchi, ku Mfuwe m'chigwa cha Luangwa osatchula n'komwe. Ndalama yoitanitsira chomera chotere kuchokera kunja ndi bwino ndigulire machubu ndi mpeni wabwino. Alamu ndawalonjeza hibiscus wa maluwa osanjikizana, wofiira, amene patali amafananako ndi chithunzi chawocho. Sanayankhe.

Mu Seputembala hibiscus ndimuika m'machubu, dothi la pachulu chakale losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owola bwino, ndipo mabotolo ndizichotsa pang'onopang'ono, kuyambira madzulo okha. Akhala pamthunzi mpaka mvula itakhazikika kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Amene muli ndi bougainvillea woyera cha ku Kalongwezi kapena ku Moth, tisinthane nthambi. Ine ndili ndi wofiirira ndi wa olenji.