Sabata limene ndinatsala pang'ono kupereka heparin molakwika

Lolemba ndi Lachiwiri kunalibe chachilendo kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi: malungo, shuga ndi ovulala pangozi za pamsewu wa Great East. Lachitatu usiku kunafika bambo wina wa ku Matero mu Lusaka, woyendetsa minibasi, atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu.

Ndinafulumira kuganiza kuti mitsempha yodyetsa mtima yatsekeka, moti ngakhale ECG, yoyeza kagundidwe ka mtima, sinaonetse zomveka, ndinali nditalemba kale aspirin ndi heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Asista, amene anayamba ntchito ine ndikadali kusekondale, anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Adokotala, mwawafunsa bambowa mmene ululu unayambira?" Nditafunsa, bambowo anati ululu unabwera kamodzin'kamodzi ngati wina akung'amba nsalu, ndipo tsopano unali utafika pakati pa mapewa. Tinayeza BP mikono yonse iwiri, ndipo kusiyana kwake kunaposa 20 mmHg, zimene zinandiganizitsa za matenda ena, a kung'ambika kwa msempha wa aorta.

Khoma la aorta, msempha waukulu wochoka mumtima, lili ndi zigawo zitatu, ndipo cham'kati chikang'ambika, magazi amalowa pakati pa zigawozo n'kudzitsegulira njira yachiwiri imene imatha kupanikiza nthambi yopita kumkono, kuubongo kapena kuimpso. N'chifukwa chake matendawa amanamiza: wina amafika ngati wodwala sitiroko, wina akulira m'mimba, ndipo X-ray ya pachifuwa imatha kuoneka yabwinobwino. Heparin, amene amathandiza wodwala mtima, kwa munthu wotere amawonjezera ngozi yotaya magazi, choncho ndinafufuta zimene ndinalemba.

CT scan, yojambula m'kati mwa thupi, inayenera kudikira mpaka m'mawa, ndipo usiku umenewo sindinakhale pansi, podziwa kuti kung'ambika kukakhala pafupi ndi mtima, kumene timati Stanford A, m'masiku awiri oyamba ola lililonse limatenga wodwala 1 kapena 2 pa 100 alionse ngati sanachitidwe opaleshoni. Tinawapatsa morphine ndi labetalol, n'cholinga chakuti mtima uzigunda pafupifupi ka 60 pa mphindi ndiponso BP yapamwamba itsike pansi pa 120.

Lachinayi chithunzi chinaonetsa Stanford B, kung'ambika kwa patali ndi mtima, imene nthawi zambiri imathandizidwa ndi mankhwala ngati ziwalo zina sizinakhudzidwe. Lachisanu akazi awo anatulutsa m'chikwama mapaketi osatsegula a amlodipine, mankhwala otsitsa BP, nandiuza kuti abambo anasiya kumwa kalekale chifukwa mutu unali utaleka kuwawa.