Lolemba, 6 Febuluwale 2017: Spuds MacKenzie wabwera ngati mzukwa

Usiku wapitawu ku Houston, pa Super Bowl LI, masewero omaliza a ligi ya mpira wa ku America, New England Patriots yagonjetsa Atlanta Falcons 34 kwa 28. Koma chomwe chatenga mtima anthu otsatsa malonda ndi galu uja wotsatsa mowa wa Bud Light, Spuds MacKenzie, amene wawonekeranso m'malonda a pa TV patatha zaka pafupifupi 28. Wabwera akuyandama m'malere ngati mzukwa, kudzadzudzula mnyamata wongokhala panyumba pamene anzake akucheza. Nambala ya nyumba ya kumapeto kwa malondawo ndi 1989, chaka chomwe anamupumitsa ntchito galuyo.

Spuds anatchuka pa Super Bowl XXI mu Januwale 1987. Kapangidwe kake kanali kosavuta: galu wamtundu wa bull terrier, woyera, wa banga lakuda padiso, atavala ngati munthu, ali pakati pa phwando ndi atsikana atatu otchedwa Spudettes. Galuyo sankayankhula, wina ndiye ankamutamanda. Ngakhale ankamuonetsa ngati mwamuna wachikoka, anali galu wamkazi, dzina lake Honey Tree Evil Eye, ndipo anafa mu 1993 ndi matenda a impso.

Zinavuta pa katundu wogulitsa. Nkhope ya Spuds inafika pa malaya ndi pa zidole zofewa zomwe ana amagona nazo, ndipo wamkulu womwa mowa si amene amalirira chidole. Mu Novembala 1987 Senator Strom Thurmond ananyamula chidole cha Spuds m'nyumba ya malamulo ya Senate ku America n'kunena kuti Anheuser-Busch, kampani yofulula Bud Light, ikukopa ana. Pa Khirisimasi chaka chomwecho kampaniyo inaveka Spuds zovala za Santa Claus pa makatoni a mowa, zomwe malamulo a chigawo cha Ohio sankaloleza. Bungwe la Mothers Against Drunk Driving, lolimbana ndi kuyendetsa galimoto munthu ataledzera, nalo linadzudzula. Kampani inayesa kumugwiritsa ntchito pa uthenga woti anthu azimwa mosamala, koma madandaulo sanathe.

Chifukwa chomwe kampaniyo inapereka pomusiya mu 1989 n'chakuti galuyo anayamba kuphimba mowa weniweniwo. Ndikuona kuti zifukwa zonse ziwiri n'zoona, ngakhale nkhani ya ana ndiyo inali yolemera kwambiri.

N'chifukwa chake kum'bweza ngati mzukwa kwandigwira mtima. Malonda a usiku wapitawu akulankhula kwa anthu amene akumukumbukira, omwe pano ndi akuluakulu, ndipo galu wawonekera kamodzi kokha, osati ngati chiyambi cha kampeni yatsopano.